Mmene ndinatayira a Fulu pa ulendo wa ku London

M'kalasi mwanga muli chidole cha nsalu chooneka ngati fulu. Ana amati ndi "a Fulu", mwaulemu ndithu, ndipo wina akaphonya n'kunena kuti "chidolecho" anzake amamutembenukira onse. Anatisokera ndi mayi wina amene mwana wake ndinkamuphunzitsa zaka zisanu zapitazo. Chigoba chawo n'cha tizigamba tosiyanasiyana, ndipo diso lina litathothoka tinasokererapo batani lobiriwira, pamene linzake ndi lakuda. Lachisanu lililonse mwana mmodzi amapita nawo kwawo, Lolemba n'kubwera atalemba m'kope zimene a Fulu aona. Ana amene amakanika kulemba chiganizo chimodzi chonena za iwo eni amadzaza tsamba lonse akamalembera a Fulu. Ndimawasungira zimenezi.

Nditalandira kalata yondiitanira ku msonkhano wa aphunzitsi wa masiku atatu ku London, mwezi wa Januwale, maganizo owatenga sanali anga. Mtsikana wina wokhala kumbuyo anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Madamu, nanga a Fulu atsala ndi ndani?" Ndisanayankhe kalasi yonse inali ikukuwa kuti apite nawo. Ana 52 aja anawapangira pasipoti ya katoni, aliyense n'kulemba m'kope funso limodzi loti a Fulu akawafufuzire. Ine, pokomedwa, ndinalonjeza kuti ndizitumiza chithunzi tsiku lililonse kwa mphunzitsi mnzanga amene anatsala ndi kalasiyo, iye aziwaonetsa m'mawa. Mawu akuti "tsiku lililonse" ndinawanena mopepuka. Mwana wa zaka 9 samawamva mopepuka.

Vuto linayambira pa viza, ngakhale kuti panthawiyo sindinaone kugwirizana kwake. Viza yokacheza ku Britain munthu angathe kuipempha kutatsala miyezi itatu kuti anyamuke, ndipo yankho limabwera pakatha milungu pafupifupi itatu chiperekereni zidindo za zala. Ine ndinazengereza podikira kalata ya ahedi, n'kudzapempha kutatsala mwezi umodzi, tchuthi cha Khirisimasi chili pakati. Pasipoti inabwerera m'manja mwanga kutatsala masiku asanu ndi limodzi. Tikiti ndinali ndisanagule poopa kutaya ndalama ngati atandikana, ndiye pofika nthawiyo imene ndikanakwanitsa inali imodzi yokha, yosinthira ndege panjira, yokhala ndi ola limodzi ndi mphindi 10 pakati pa kutera ndi kunyamukanso. Amene mukukonza ulendo ngati uwu, pemphani viza tsiku loyamba limene akulolani. Mukatero mudzasankha tikiti yokhala ndi maola awiri kapena atatu osinthira ndege, ndipo katundu wanu adzakhala ndi nthawi yokutsatirani.

Pabwalo la ndege anayeza chikwama changa cha m'manja n'kupeza kuti chapitirira makilogalamu 7 amene tikitiyo inkalola. Ndinayenera kutulutsamo zina. Ndinatulutsa jekete, kope la ana, adaputa ya tchaja, ndi a Fulu, n'kuzikankhira m'sutikesi yopita kumunsi kwa ndege. Kwa milungu ingapo ndinkauza anthu kuti ndinachita izi chifukwa cha kulemera. Si zoona. A Fulu sakwana n'komwe theka la kilogalamu. Chimene chinachitika n'chakuti mutu wawo unasuzumira pazipi, bambo wina pamzere kumbuyo kwanga anaseka n'kukodola mnzake, ndipo ine, mayi wamkulu wopita ku msonkhano wa kunja, ndinachita manyazi.

Ndege yoyamba inanyamuka mochedwa ndi mphindi 40. Posinthira ndinathamanga nsapato zili m'manja, n'kulowa chitseko chili pafupi kutsekedwa. Ndinakhala pampando ndikupuma wefuwefu, ndikuthokoza Mulungu. Sizinandifikire m'mutu kuti sutikesi ilibe miyendo.

Tinatera ku London Lachiwiri m'mawa. Ndinaima pa lamba wobweretsa katundu mpaka anthu onse anatenga zawo, lamba n'kuima. Mtima unangoti myuu. Chimene ndinaganiza koyamba si zovala ayi, koma batani lobiriwira lija.

Pano mpamene pali zambiri zimene ndikanakonda wina akanandiuza. Katundu akasowa simuyenera kutuluka m'chipinda cha malamba musanakanene pa desiki la kampani ya ndege n'kudzaza fomu yotchedwa Property Irregularity Report. Amakupatsani nambala ya zilembo zisanu ndi manambala asanu, ndipo ndi imeneyo imene mumalondolera katunduyo pa intaneti. Choyamba chimene amafunsa ndi kasitika kamene anakumatirani pa tikiti kapena pa pasipoti poperekera katundu. Kanga ndinakapeza katapindika m'thumba pamodzi ndi mapepala a maswiti, nditatsala pang'ono kukataya. Kenako anandionetsa tchati cha mitundu ya masutikesi kuti ndiloze wanga. Ndinangoti wakuda, wapakatikati. Mtsikana wa padesikipo anandiyang'ana mwachifundo, popeza theka la katundu wa padziko lapansi ndi wakuda, wapakatikati. Ndinalibe chithunzi chake, ndinali ndisanamange kansalu kowala pachogwirira, ndipo mkati munalibe pepala la dzina langa. Atafunsa kokaperekera katunduyo ndinatchula dzina la hotela, koma postcode, nambala yosonyeza dera, sindinkaidziwa, pamene kumeneko adiresi yopanda postcode ili ngati yosamaliza. Pa nambala ya foni ndinalemba yanga ya kwathu, osaganiza kuti simu imeneyo sikugwira kunja. Cholakwa chaching'onochi n'chimene chinadzandidyera tsiku lathunthu.

Nditatuluka panja mphepo inandimenya ngati mbama. Ndinali m'juzi yopyapyala, jekete ili kumene kuli a Fulu. Mu Januwale ku London dzuwa limalowa cha m'ma 4 koloko ndi theka madzulo, ndipo kuzizira kwake kumalowa m'mafupa. Khadi langa la ku banki linakana pamakina a sitima chifukwa sindinadziwitse banki kuti ndikupita kunja, ndipo mabasi a mumzindawo salandira ndalama za m'manja chiyambire 2014. Anandipulumutsa ndi mapaundi ochepa amene ndinasinthiratu, amene ndinagulira khadi la Oyster lolipirira sitima ndi mabasi. Tsiku limenelo ndinawononga mapaundi 13 pa adaputa, popeza yanga inali m'sutikesi, ndi ena pafupifupi 90 pa jekete, zovala zamkati, malaya awiri ndi mswachi. Malisiti ena ndinawasiya pakauntala pomwepo. Musatero. Kampani ya ndege imabweza ndalama za zinthu zofunikira zimene mwagula podikira katundu, koma imafuna lisiti.

Madzulo uthenga unalowa pa WhatsApp kuchokera kwa mnzanga uja: "Asisi, mwafika bwanji? Ana akufunsa chithunzi cha mawa." Ndinatumiza cha mitambo chimene ndinajambula pawindo la ndege, n'kulemba kuti a Fulu atopa, agona. Ndinadziuza kuti si bodza lenileni, poti sutikesi ifika mawa.

Lachitatu sinafike. Linali tsiku loyamba la msonkhano, koma zimene zinakambidwa m'mawa wonse sindingakuuzeni, chifukwa maso anali pafoni, ndikutsegula tsamba lolondolera katundu mphindi zingapo zilizonse. Linkangonena kuti akufufuzabe. Usiku ndinalemba kuti a Fulu agwidwa ndi chimfine chifukwa cha kuzizira, adokotala awaletsa kutuluka. Mnzangayo sindinamuuze zoona, ndiye anawerengera ana ndi mtima wonse. Lachinayi masana anandijambulira bolodi. Ana anali atalembapo mauthenga a pepani, wina atalangiza kuti ndiwafunditse bulangeti, wina atafunsa ngati mankhwala ndawagulira. Ndinakhala m'chimbudzi cha pamsonkhanopo kwa kanthawi ndisanathe kutuluka.

Tsiku lomwelo ndinalowa m'chigawo china chokamba za kuteteza ana pa intaneti. Wolankhulayo anatsindika kuti dzina lonse la mwana, nkhope yake ndi dzina la sukulu zisamapezeke pamalo amodzi pamene mlendo angazione. Thukuta linandituluka m'chipinda chozizira. Kope lija linali ndi mayina onse a ana 52, chithunzi cha kalasi chomatidwa pachikuto, ndi chidindo cha sukulu. Linali penapake padziko lapansi, m'sutikesi yopanda loko, ndipo palibe kholo limene ndinalipempha chilolezo. Mukamatenga kope lotere, likhale latsopano, la mayina oyamba okha, lopanda zithunzi za ana.

Potuluka madzulo ndinachita chinthu chimene ndimachita nacho manyazi kwambiri pa nkhani yonseyi. Ndinalowa m'sitolo ya zidole n'kugula fulu wina pa mapaundi 16. Cholinga chinali chomujambula chapatali, kumbuyo kuli nyumba zazitali, kuti ana asaone bwino. Kuhotela ndinamukhazika pawindo n'kujambula kasanu. Anali wosalala, wonenepa, wamaso awiri ofanana onyezimira. Ana amene amagona ndi a Fulu pamphasa imodzi, amene amadziwa chigamba chilichonse ndi pamene ulusi unamasuka, akanamuzindikira asanaphethire.

Pa chakudya cha m'mawa tsiku limenelo ndinali nditakhala ndi mayi wina wachikulire, mphunzitsi wa kudziko lina, amene anali ndi kachimbalangondo kansalu kolendewera palamba wa chikwama chake, kali poyera, iye alibe nazo kanthu. Anandiuza kuti kake anakaiwalapo m'takisi chaka china ndipo anangouza ana mmene zinalili. Panthawiyo ndinangomwetulira, osaulula zanga. Usiku uja, fulu wogula ali pawindo, mawu ake anandibwerera. Cha m'ma 11 koloko ndinajambula uthenga wa mawu. Ndinanena kuti a Fulu sakudwala, kuti ndinawaika m'sutikesi pamene ndinayenera kuwanyamula m'manja, kuti sutikesiyo inatsala panjira ndipo sindikudziwa kumene ili, kuti za chimfine zija ndinanama chifukwa cha mantha. Ndinaujambula katatu chifukwa mawu ankanjenjemera.

Kwathu nthawi ili patsogolo ndi maola awiri, choncho pamene ndinkadzuka Lachisanu n'kuti ana atamva kale. Mnzanga anandiimbira pa nthawi yopuma. Poyamba anandikalipira iye mwini: "Asisi, mwandinamizitsa pamaso pa ana, mukudziwa?" Ndinapepesa, palibe china ndikanachita. Anati kalasi inangoti zii. Mnyamata amene inali nthawi yake yotenga a Fulu sabata yotsatira analira. Mtsikana wina anafunsa kuti, "Ndiye kuti Madamu amanama?" ndipo mnzangayo anayankha kuti ee, ananama, koma abwera okha kudzaulula. Kenako anatsitsa mapu a dziko lonse, ana n'kuyamba kulondola njira ya ndege ndi zala, akukangana za dziko limene a Fulu angakhale. Wina wa pakona anati, "Musadandaule, fulu sathamanga. Afika."

Mtolo utatsika pamtima, mutu unayamba kugwira ntchito. Ndinapempha mnyamata wa pa risepushoni ya hotela kuti aimbe m'malo mwanga. M'mphindi zochepa zinadziwika kuti sutikesi inali itafika ku London dzulo lake, koma operekera katundu anaimba kangapo pa nambala yanga yakufa ija n'kuibweza kosungira. Tinapereka nambala ya hotela ndi postcode. Chikhala kuti ndinalemba zimenezi pa fomu tsiku loyamba, fulu wa mapaundi 16 sindikanamugula. Tsiku lomaliza la msonkhano ndi lokhalo limene ndinamvetsera bwinobwino, ndipo ndinapindula ndi chigawo chokamba za mmene ana amalembera bwino akadziwa kuti pali wina woti awerenge zimene alemba. Ndinakhala ndikugwedeza mutu, poti kope la a Fulu limagwira ntchito imeneyo.

Sutikesi inafika Lachisanu cha m'ma 10 koloko usiku. Ndinaitsegulira pansi pomwepo pa risepushoni. A Fulu anali atapanikizika pakati pa nsapato, mbali imodzi itanona ndi mafuta odzola amene anatayika. Kope linali lonse. Ndinawasambitsa m'sinki n'kuwayanika pa chotenthetsera chipinda. Chopweteka chinali chakuti masiku onse amene ana anali kusukulu a Fulu kunalibe, ndipo tsopano atapezeka inali wikendi.

Ndinali nditalemba malo 9 oti ndione. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada, ndiye ndinang'amba pepalalo n'kutsegula kope la mafunso a ana kuti ndilo linditsogolere.

Loweruka m'mawa ndinayambira pa Westminster Bridge. Mwana wina anafunsa ngati Big Ben ndi munthu. Ambiri amaganiza kuti ndi dzina la nsanja ya wotchi, koma kwenikweni ndi belu lalikulu la mkati mwake, lolemera matani opitirira 13. Nsanjayo, yotalika mamita 96, inapatsidwa dzina loti Elizabeth Tower mu 2012. Ndinakhazika a Fulu pachipupa cha mlatho kuti ndibwerere m'mbuyo ndijambule. Mphepo inawomba, iwo n'kupendekera kumtsinje wa Thames. Ndinawagwira mwendo wakumbuyo. Ndinakhala pansi pomwepo, n'kumasula chingwe cha nsapato, n'kuwamangirira padzanja langa. Chidole chopepuka musachikhazike pamlatho chopanda chingwe.

Kuchoka apo ndinapita ku Greenwich chifukwa cha funso limene ndinalikonda kuposa onse: "Kodi nthawi imayambira pati?" Pamwamba pa kaphiri pali Royal Observatory, nyumba yofufuzira za nyenyezi imene inakhazikitsidwa mu 1675, ndipo pabwalo pake pamadutsa mzere umene mayiko anagwirizana mu 1884 kuti uziwerengedwa ngati chiyambi poyeza kum'mawa ndi kumadzulo. Padenga pali mpira wofiira umene umakwera pamtengo wake n'kugwa 1 koloko yeniyeni masana, mwambo umene unayamba mu 1833 kuti oyendetsa zombo pamtsinje azikonzera mawotchi awo. Ndinakwera kaphiriko ndikupuma movutikira, n'kufika kutatsala mphindi zochepa. Mpira unagwa, ine n'kuiwala kukanikiza batani la kamera. Koma chithunzi cha a Fulu atatangadza mzerewo, miyendo iwiri kum'mawa, iwiri kumadzulo, ndinachipeza, ndipo ndi chimene chinadzandithandiza kufotokoza chifukwa chake ana anamva uthenga wanga ine ndisanadzuke. Kulowa pabwalopo n'kolipira. Mukayatsa mapu a pafoni mutaima pamzerewo musadabwe kuona kuti sakuonetsa ziro, chifukwa mzere umene GPS imagwiritsa ntchito uli mamita pafupifupi 100 chakum'mawa.

Pa Tower Bridge, umene unatsegulidwa mu 1894, ndinafika kutada kale. Pachithunzi pakuoneka magetsi a mlatho ndi kanthu kakuda kosadziwika bwino kutsogolo. M'nyengo imeneyo zojambula panja zichitike dzuwa lisanapendeke, za m'nyumba zikhale za madzulo. Ine ndinaziphunzira mochedwa.

Lamulungu ndinalawirira ku tchalitchi cha Westminster Abbey kuti a Fulu akaone manda a David Livingstone, amene thupi lake linaikidwa mmenemo mu 1874 pamene mtima wake unakwiriridwa kwa Chitambo, ku Zambia ya lero. Ndinapeza kuti Lamulungu alendo ongodzaona malo salowa, ndi tsiku la mapemphero okha. Dzulo lake ndinali nditadutsa pakhomo pomwepo, chitseko chili chotsegula. Funso la mwana lokhudza mandawo linabwerera kwathu losayankhidwa. Ndinakatonthozedwa ku Natural History Museum, kumene kulowa n'kwaulere ngakhale mzere wake pa wikendi ndi wautali. Mnyamata wina anafunsa ngati ilipo nyama yoposa njovu. Ukangolowa m'holo yaikulu, pamwamba pamutu pako pakulendewera mafupa a nangumi wotalika mamita 25, amene anafera m'mbali mwa nyanja ku Wexford, ku Ireland, mu 1891. Ndinagona chagada pabenchi, a Fulu nditawakweza m'mwamba, kuti onse awiri alowe m'chithunzi. Anthu ankandiyang'ana, ena akuseka. Ulendo uno sizinandikhudze.

Pobwerera a Fulu anakwera ndege ali pamiyendo panga. Pamakina ounikira katundu ndinawaika m'thireyi yawoyawo, ndipo wachitetezo anangowayang'ana n'kuwakankhira mkati ngati laputopu ina iliyonse.

Za ndalama zinatha motere. Pangano la Montreal la 1999, limene limalamulira maulendo ambiri a pandege a pakati pa mayiko, limapereka masiku 21 kuchokera tsiku limene mwalandira katundu wochedwa kuti mulembe dandaulo, ndipo katundu amene sanafike pakatha masiku 21 amawerengedwa kuti watayika. Ndinalemba sabata yoyamba nditabwerera, n'kutumiza nambala ya fomu ija, kasitika ka katundu ndi malisiti amene ndinali nawo. Yankho linatenga pafupifupi miyezi iwiri. Anandibwezera mapaundi 58, a zinthu za malisiti zokha. Zotsalazo, pamodzi ndi fulu wogula uja, zinatuluka m'thumba mwanga.

Tsiku lobwerera m'kalasi ana anathamangira a Fulu, ine kundidutsa ngati mtengo. Anawatembenuzatembenuza, kuyang'ana batani lobiriwira, kununkhiza pamene panatayikira mafuta. Mtsikana amene anafunsa ngati Madamu amanama sanandiyang'ane kumaso sabata yonseyo, ndipo mpaka pano ndikanena chinthu chodabwitsa amafunsa kuti, "Zoona, Madamu?" Nditamaliza kuonetsa zithunzi ndinatulutsa fulu wogula uja m'chikwama n'kuwafotokozera chimene ndinamugulira. Anaseka mpaka ena kugwa pansi, akuloza maso ake onyezimirawo, akufunsa ngati ndinaganizadi kuti ndingawapusitse ndi ameneyo. Ndinati ndimupereka kwa ana a kalasi ina, koma anakana. Anati akhale pawindo, azilondera kalasi a Fulu akapita kokacheza Lachisanu. Dzina anavota okha ine nditatuluka. Anamutcha a Chimfine.